Dana Vollmer: Mtima Umene Unkathamanga Kuposa Mwini Wake

Mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala phee umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Mtima wa Dana Vollmer, mtsikana wa m'tauni ya Granbury ku Texas m'dziko la America, unkati ukayamba zake unkafika cha m'ma 240. N'kuti iye asanakwanitse zaka 16, koma ali kale m'gulu la ana osambira bwino kwambiri m'dzikomo. M'chaka cha 2000, ali ndi zaka 12 zokha, ndiye anali wamng'ono pa onse amene anapikisana pa mpikisano wosankhira timu ya America yopita ku masewera a Olimpiki. Sanasankhidwe, koma odziwa masewerawa anaona kuti mwanayu akupita kutali.

Dana anadzapata mamendulo 7 a Olimpiki, 5 mwa iwo a golide. Koma chimene chatikopa ife kuti tilembe za iye si mamendulowo. Chatikopa n'chakuti pa zaka pafupifupi 20 zimene anapikisana, thupi lake linamuimitsa kangapo konse, poyamba mtima, kenako msana ndi m'mimba, kenako pakati, ndipo nthawi zonsezo iye ndi a pabanja pake sanabise vutolo kapena kulinyalanyaza. Ankapita nalo kwa odziwa, n'kusintha zimene zinkafunika kusintha. M'masewera apamwamba, kumene mwana amaphunzitsidwa kulimba mtima ndi kusadandaula, khalidwe limeneli n'losowa.

Magetsi a mumtima

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumtunda ndi ziwiri kumunsi, ndipo chimene chimauuza nthawi yogunda ndi kamphamvu ka magetsi kamene kamayambira m'chipinda chakumtunda chakumanja n'kutsikira kumunsi potsata njira yake. Mwa anthu ena muli kanjira kena kapadera kamene kamachititsa kuti magetsiwo azingozungulirazungulira, ndipo mtima umayamba kuthamanga mwadzidzidzi popanda chifukwa chooneka. Madokotala amatchula vutoli kuti supraventricular tachycardia. Munthu amamva kuti mtima ukuphiriphitha pachifuwa, amachita phuma, chizungulire chimamugwira, ndipo nthawi zina amakomoka. Likatero kanthawi limatha lokha, n'chifukwa chake n'kosavuta kuti makolo alione ngati mantha wamba kapena kutopa.

M'chaka cha 2003 Dana anachitidwa opaleshoni yokonza vutoli. Si opaleshoni yong'amba chifuwa ayi. Madokotala amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa magazi, kawirikawiri wa m'mphechepeche, n'kukayendetsa mpaka mumtima, ndipo akapeza pamene pali kanjira kosokonezako amapawotcha pang'ono kuti magetsi asamadutsenso. Zinayenda bwino. Koma poyeza kagundidwe ka mtima wake pa makina, madokotala anaona zizindikiro za vuto lina loopsa kuposa loyambalo, lotchedwa Long QT.

Mtima ukagunda umafunika kakanthawi kochepa kwambiri kuti ukonzekere kugundanso. Mwa munthu wa Long QT kakanthawi kameneka kamatalika, ndipo zikachitika kuti magetsi ena afika mtima usanakonzeke, zipinda zakumunsi zimayamba kungonjenjemera m'malo mopopa magazi. Munthu amagwa pomwepo, ndipo ngati sathandizidwa m'mphindi zochepa amamwalira. Nthawi zambiri vutoli ndi lakumtundu. Choopsa kwambiri kwa banja la a Vollmer chinali ichi: pa mtundu umodzi wa Long QT, kusambira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadziwika bwino kuti zimayambitsa ngoziyi. Ndipo munthu akakomokera m'madzi, nthawi yomupulumutsira imachepa kwambiri.

Tayerekezani kuti ndinu kholo la mwana ameneyu. Mwamuperekeza kokonzekera m'mamawa ndi madzulo kwa zaka zambiri, ulendo wa makilomita oposa 50 kupita ku Fort Worth kumene kunali timu yake. Masewera a Olimpiki atsala chaka chimodzi. Kodi mungamuletse? Makolo ambiri akanaletsa, ndipo sitikanawaimba mlandu. Banja ili linasankha kuti Dana apitirize kusambira, koma makina odzidzimutsa mtima, otchedwa defibrillator, azikhala pambali pa dziwe nthawi zonse. Amene anasenza udindo wowanyamula anali mayi ake. Pokonzekera, pa mpikisano waung'ono, pa mpikisano waukulu, mayiwo ankakhala pafupi ndi madzi, makina ali pambali pawo. Makolo ena ankayang'ana wotchi kuti aone ngati mwana wawo waswa nthawi yake yakale. Iwo ankayang'ana ngati mwana wawo akutulutsabe mutu m'madzi.

Makinawo sanagwirepo ntchito pa Dana, ndipo madokotala atapitiriza kumuyeza anadzapeza kuti alibe matenda a Long QT. Tisafulumire kunena kuti banjalo linaganiza bwino chifukwa choti zinathera pabwino. Zikanatha kuthera kwina. Chimene tingayamikire n'chakuti sanachite zinthu mwachimbulimbuli: ankadziwa dzina la vutolo, ankadziwa chimene chingachitike, ndipo anali ndi chothandizira pafupi. Mwana amene madokotala atsimikiza kuti ali ndi Long QT nkhani yake ndi ina, ndipo zoti apikisane kapena ayi zimafunika katswiri wa mtima, osati mphunzitsi wa masewera.

Okonda mpira akukumbukira kuti chaka chomwecho cha 2003, mu June, Marc-Vivien Foé wa timu ya dziko la Cameroon anagwa pakati pa bwalo mumzinda wa Lyon ku France, ndipo anamwalira ali ndi zaka 28. Matenda ake anali ena, a kukhuthala kwa mnofu wa mtima, koma mathero a matenda onsewa amafanana: mtima umasiya kupopa mwadzidzidzi mwa munthu wooneka wathanzi kuposa tonsefe. Mu June 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwanso chimodzimodzi mumzinda wa Copenhagen, koma iye ali moyo chifukwa anthu anayamba kumupsinja pachifuwa nthawi yomweyo ndipo makina odzidzimutsa mtima anali pafupi. Mphindi iliyonse imene yadutsa munthu wotere asanathandizidwe, mwayi woti apulumuke umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100 alionse.

Nyumba zathu zambiri ndi sukulu zathu zilibe makina amenewa, koma pali zinthu ziwiri zimene aliyense angathe. Choyamba ndi kumvetsera. Mwana akakomoka ali mkati mothamanga kapena kusambira, akamadandaula kupweteka pachifuwa posewera, akamanena kuti mtima ukumuthamanga atangokhala, makamaka ngati kumtundu kwanu wina anafapo mwadzidzidzi ali wamng'ono kapena kumira m'madzi chonsecho ankadziwa kusambira, pitani naye kuchipatala ndipo mukafotokoze zonsezo. Musamunene kuti ndi waulesi. Chachiwiri ndi kuphunzira kupsinja pachifuwa. Munthu akagwa, osayankha, osapuma bwinobwino, wina aitane thandizo, wina aike manja awiri mosanjikiza pakati pa chifuwa n'kumakankha mwamphamvu, kulowa masentimita 5 kapena 6 kwa munthu wamkulu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osalekeza mpaka thandizo litafika.

Anayi m'njira imodzi

Patangopita chaka chichitikire opaleshoni ija, Dana anapambana mpikisano wa mamita 200 posankha timu ya America, ndipo mu August 2004 anapezeka ku Athens m'dziko la Greece ali ndi zaka 16. Pa mpikisano wa yekha anathera pa nambala 6. Golide wake woyamba anabwera pa mpikisano wolandizana, umene amautcha relay, pamene anthu anayi a dziko limodzi amasambira motsatizana m'njira imodzi ya dziwe.

Mpikisano umenewu uli ndi lamulo limodzi louma. Palibe kamtengo kopatsirana ngati pothamanga. Wotsatira amaima pachitsulo chodumphira, thupi litapendekera kale kumadzi, maso ali pa dzanja la mnzake amene akubwera, ndipo mapazi ake sayenera kuchoka pachitsulocho mnzakeyo asanakhudze khoma. Akafulumira ngakhale pang'ono pokha, makina amaona, ndipo timu yonse imachotsedwa. Akachedwa, kakanthawi kamene wataya n'kokwanira kuwalanda mendulo. Choncho amadumpha potengera kasambiridwe ka mnzake kamene anakaloweza pokonzekera, podziwa kuti dzanjalo lifika pakhoma liti.

Pa 18 August 2004, Natalie Coughlin, Carly Piper, Dana Vollmer ndi Kaitlin Sandeno anasambira mamita 200 aliyense m'mphindi 7 ndi masekondi 53.42. Anaswa rekodi ya dziko lonse imene atsikana a ku East Germany anaika m'chaka cha 1987, Dana asanabadwe. Rekodi imeneyo inakhalitsa zaka 17 pa chifukwa chomvetsa chisoni. Boma la East Germany linali ndi dongosolo lomwetsa ochita masewera mankhwala okuza minofu, ndipo atsikana ambiri ankauzidwa kuti ndi mavitamini. Ambiri mwa iwo atakula anavutika ndi matenda a chiwindi, a mtima ndi a uchembere. Kumeneko thupi la mwana wamkazi linali chida cha boma chopezera mamendulo, ndipo panalibe mayi amene anafunsidwa maganizo.

Pa mamendulo 7 a Olimpiki a Dana, 5 anachokera ku mipikisano yolandizana. Anthu amakonda kuona mamendulo oterewa ngati ochepa mphamvu. Ife sitikuganiza choncho. Kusankhidwa m'timu ya anayi ya America pa Olimpiki itatu, ya 2004, ya 2012 ndi ya 2016, kukutanthauza kuti kwa zaka 12 aphunzitsi ankamudalira kuti sadzawagwetsa mphwayi pamene ntchito ya anzake atatu ili m'manja mwake.

Nambala 7

Mwaona kuti pa zaka zitatuzo palibe 2008. Dana anayamba maphunziro ake pa yunivesite ya Florida, kenako n'kusamukira ku yunivesite ya California ku Berkeley. Mu 2007 ku Melbourne anali m'timu imene inaswanso rekodi ya dziko lonse pa mpikisano womwe uja wolandizana. Aliyense ankayembekeza kuti apita ku Beijing. Koma ku America sayang'ana zimene unachita chaka chatha. Timu imasankhidwa pa mpikisano umodzi: awiri oyambirira pa mpikisano uliwonse ndiwo amapita, ndipo pa mamita 100 ndi 200 a freestyle amatenga mpaka 6 chifukwa cha timu yolandizana. Ku Omaha mu 2008, Dana anathera pa nambala 5 pa mamita 100 a butterfly, ndi pa nambala 7 pa mamita 200 a freestyle. Anatsala kunyumba.

Anali ndi zaka 20, msana ukumuvuta, ndipo anafika poganiza zosiya. Chimene chinamuthandiza sichinali kuwonjezera maola okonzekera. Anapita ku zilumba za Fiji, m'nyanja ya Pacific, ndi Milt Nelms, katswiri wophunzitsa mmene thupi limayendera m'madzi, ndipo kumeneko ankathandiza kuphunzitsa anthu kusambira komanso ankasambira m'nyanja mopanda wotchi. Atabwerera anali wina. Mu 2009 anathandiza timu ya atsikana ya yunivesite yake kupambana chikho cha mayunivesite a dziko lonse la America, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome anapata mendulo ya bulonzi pa mamita 200.

Panatsala vuto la m'mimba. Kwa zaka zambiri ankamva kupotokola koopsa, makamaka nthawi ya mipikisano, ndipo zinali zosavuta kunena kuti ndi nkhawa chabe. Atayezedwa zinapezeka kuti thupi lake silinkagwirizana ndi zakudya zina, makamaka mazira ndi gluten, chinthu chomata chimene chimapezeka mu tirigu ndi balere. Wosambira amadya kwambiri, ndipo zakudya zimene amapatsidwa kuti apeze mphamvu zimakhala zomwezo: buledi, pasta, mazira. Ndiye kuti pamene ankayesetsa kudya bwino m'pamenenso ankadzivulaza. Atasintha kadyedwe ululu unachepa ndipo mphamvu zinabwerera.

Apa tichenjezane. Nkhani ngati iyi ikamveka, pamakhala anthu amene amathamangira kusiya tirigu ndi mazira poganiza kuti apeza chinsinsi cha thanzi. Kwa munthu amene thupi lake limalandira bwino zakudyazi, tirigu wosakonola ndi chakudya chabwino, ndipo m'nyumba zimene sadya nyama mazira amathandiza kwambiri pa kukula kwa ana. Dana sanasiye zakudyazi chifukwa chomva kwa anzake. Anayezedwa kaye. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene m'mimba mumamuvuta kawirikawiri, lembani zimene wadya tsiku lililonse ndi nthawi imene ululu wayamba kwa milungu iwiri kapena itatu, n'kupita nazo kwa dokotala. Ndipo amene auzidwa kuti asiye gluten asade nkhawa ndi nsima: chimanga, mpunga, chinangwa, mapira ndi mbatata zilibe gluten.

Masekondi 55.98

Dzina lakuti butterfly limatanthauza gulugufe, koma kasambiridwe kameneka kalibe kupepuka kwa gulugufe. Mikono yonse iwiri imatuluka m'madzi nthawi imodzi, kudutsa pamwamba, n'kulowanso kutsogolo. Miyendo imakhala yogundana ndipo imamenya madzi limodzi ngati mchira wa nsomba, kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa mikono. Mphamvu yeniyeni imachokera pachifuwa ndi m'chiuno, thupi likuyenda ngati funde. Potembenuka ndi pomaliza, manja onse awiri ayenera kukhudza khoma nthawi imodzi, ndipo munthu saloledwa kupitirira mamita 15 ali pansi pa madzi. Kanayamba ngati njira ina yosambirira ngati chule, kanapatulidwa kukhala mpikisano pawokha mu 1952, ndipo kanalowa mu Olimpiki mu 1956 ku Melbourne, kumene Shelley Mann wa ku America anapambana mamita 100 m'mphindi imodzi ndi masekondi 11.

Kuipa kwa butterfly n'koti munthu sangabise kutopa. Pa kasambiridwe kena ukatopa umangochepetsa liwiro. Pa aka, ukatopa chiuno chimamira, mikono imakana kutuluka m'madzi, ndipo mamita 15 omaliza amaoneka ngati ukukwera phiri. Mapewa ndi msana wakumunsi ndi zimene zimavulala kwambiri. Kwa munthu amene msana unkamuvuta kale, njira yokhayo inali kuphunzira kuyenda ndi madzi m'malo molimbana nawo, ndipo zimene anaphunzira kwa Nelms zinagwira ntchito pamenepa.

Mu July 2011 ku Shanghai, Dana anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 100 a butterfly. Mwezi wotsatira anakwatiwa ndi mnyamata amenenso anali wosambira pa yunivesite ya Stanford. Rekodi ya dziko lonse inali masekondi 56.06, ya Sarah Sjöström wa ku Sweden, amene anaiika ku Rome mu 2009 ali ndi zaka 15. Imeneyo inali nyengo ya zovala zosambirira zapulasitiki zimene zinkathandiza thupi kuyandama, zimene zinaletsedwa kuyambira mu 2010, ndipo ambiri ankaganiza kuti marekodi a nyengo imeneyo atenga zaka zambiri kuti aswedwe.

Pa 29 July 2012 ku London, Dana sanali woyamba potembenuka pa mamita 50. Osambira ambiri amavala zipewa ziwiri zamphira, ndipo chake chapamwamba chinavuka mpikisano uli mkati. Pobwerera m'pamene anawasiya onse. Anakhudza khoma pa masekondi 55.98, kukhala mkazi woyamba kusambira mtundawu pansi pa masekondi 56. Lu Ying wa ku China anabwera wachiwiri pa 56.87, ndipo Alicia Coutts wa ku Australia wachitatu. Kusiyana kwa pafupifupi sekondi yathunthu pa mtunda waufupi chonchi n'kwakukulu zedi.

Mlungu womwewo anawonjezera golide wina muwiri. Woyamba anali wa mamita 200 aliyense, pamodzi ndi Missy Franklin, Shannon Vreeland ndi Allison Schmitt. Wachiwiri anali wa mpikisano wolandizana wosakaniza, pamene woyamba amasambira chagada, wachiwiri ngati chule, wachitatu butterfly ndipo wachinayi freestyle. Franklin, Rebecca Soni, Dana ndi Schmitt anamaliza pa mphindi 3 ndi masekondi 52.05, rekodi inanso ya dziko lonse.

Mphunzitsi wake ku Berkeley, Teri McKeever, ndiye ankatsogolera timu ya akazi ya America ku London, mkazi woyamba kupatsidwa udindowu. Sitingatchule dzinali n'kubisa zimene zinadzachitika. Mu January 2023 yunivesite inamuchotsa ntchito pambuyo pa kafukufuku wa madandaulo a osambira ambiri onena kuti ankawazunza ndi mawu komanso kuwasala. Iye anakana milanduyo. Pansi pa mphunzitsi mmodzi, ena anafika pachimake ndipo ena anatuluka ovulala mumtima. Kholo limene lapereka mwana kwa mphunzitsi wotchuka lisaleke kumufunsa mwanayo mmene akumuchitira, ngakhale zikho zikubwera.

Kubwerera ali ndi mwana kumanja

Pambuyo pa mpikisano wa dziko lonse wa 2013, Dana anapumira masewera. Atakhala ndi pakati, madokotala anamulamula kugona osagwira ntchito kwa milungu ingapo chakumapeto, ndipo munthu amene anazolowera kusambira makilomita angapo tsiku lililonse anamvera. Mwana wake woyamba, wamwamuna, anabadwa mu March 2015. Masewera a ku Rio de Janeiro anali atatsala miyezi 17.

Mayi aliyense amene wabereka akudziwa mmene thupi limakhalira: minofu ya pamimba yatambasuka, mfundo za m'chiuno zafewa, tulo n'toduladula, ndipo kuyamwitsa kumafuna chakudya ndi madzi ambiri. Kwa wosambira butterfly zimenezi n'zazikulu, popeza pamimba ndi m'chiuno m'pamene pali injini yake. Dana anayambira pansi, pang'onopang'ono, ndipo ndondomeko yake yokonzekera inkayendera nthawi ya mwana. Anadzipatsa dzina loti ndi mayi amene ali pa ntchito yapadera, ndipo ankalankhula poyera za zinthu zimene akazi ochita masewera ankachita nazo manyazi, monga kunenepa pambuyo pobereka ndi kuyamwitsa pakati pa maola okonzekera.

Ku Omaha, kumene anagwa mu 2008, anabwera wachiwiri pambuyo pa Kelsi Worrell, ndipo malo anawapeza. Ku Rio, mu August 2016, anayamba ndi siliva pa mpikisano wolandizana wa mamita 100 aliyense, pamodzi ndi Simone Manuel, Abbey Weitzeil ndi Katie Ledecky, atagonja kwa Australia. Tsiku lotsatira, pa mamita 100 a butterfly, Sjöström anapambana ndi rekodi yatsopano ya 55.48, Penny Oleksiak wa ku Canada wa zaka 16 anabwera wachiwiri, ndipo Dana anapata bulonzi pa 56.63. Kwa ife, pa mamendulo ake onse, ovuta kwambiri kuwapeza anali amenewa. Anali ndi zaka 28, mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi 5, ndipo anatsalira ndi masekondi osakwana 0.7 pa nthawi yake ya ku London.

Pa 13 August, Kathleen Baker, Lilly King, Dana ndi Simone Manuel anapambana mpikisano wolandizana wosakaniza. Akuluakulu a masewera ku America anawerengera mendulo imeneyi kuti ndi golide wa nambala 1,000 wa dzikolo pa masewera a Olimpiki a m'chilimwe, ndipo Dana anakhala wosambira woyamba wa ku America kupata golide wa Olimpiki atabereka.

Mu April 2017 anachita chinthu chimene chinadzutsa mtsutso. Ali ndi pakati pa miyezi 6 pa mwana wachiwiri, anapikisana nawo pa mamita 50 mumzinda wa Mesa ku Arizona, dokotala wake atamuloleza. Anamaliza kutali ndi opambana, ndipo sankayembekeza zoposa pamenepo. Ena anamudzudzula. Koma tikumbukire kuti ndi mayi yemweyu amene pa pakati poyamba anagona milungu yambiri atauzidwa kutero. Sanali kuchita liuma. Pakati pawiripo panali posiyana, ndipo malangizo a dokotala analinso osiyana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa amayi oyembekezera amene alibe vuto lina kuti azichita masewera olimbitsa thupi osakhetsa thukuta kwambiri kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, monga kuyenda ndawala kapena kusambira. Madzi amanyamula kulemera kwa thupi, motero msana ndi mawondo zimapumula. Koma mayi amene akutaya magazi, amene magazi ake akuthamanga kwambiri, kapena amene anauzidwa kuti akhoza kubereka masiku asanakwane, ayenera kutsata zimene a kusikelo amuuza, osati zimene waona katswiri wina akuchita.

Mwana wachiwiriyo, wamwamunanso, anabadwa mu July 2017. Kwa zaka zambiri Dana anagwira ntchito ndi bungwe la American Heart Association, kulankhula za matenda a mtima mwa akazi ndi kufunika koti makina odzidzimutsa mtima azipezeka m'sukulu ndi m'malo amasewera. Rekodi ya mamita 100 a butterfly inapitirira kutsika: mu June 2024 Gretchen Walsh wa ku America anasambira 55.18 mumzinda wa Indianapolis, kuswa ya Sjöström imene inakhala zaka pafupifupi 8.

Dana anayesa kukonzekera masewera a ku Tokyo, koma pakati pa 2019 analengeza kuti akusiya. Mpikisano wake womaliza unali wa mamita 100 a butterfly, mu August chaka chimenecho, pa mpikisano wa dziko lonse la America umene unachitikira pa yunivesite ya Stanford, kumene mwamuna wake ankasambirira ali pasukulu. Anali ndi zaka 31, mwana wamkulu ali ndi zaka zinayi, wamng'ono ziwiri.